Silinali Bondo, Asisi

Kamitondo, Kitwe
27 August 2023

Okondedwa Asisi Gwen,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko. Kuno tilipo. Adada akupitabe ku mgodi, fumbi ndi lomwe lija.

Munafunsa za bondo langa. Bondo lilibe vuto, asisi. Ndinanamiza amayi, ndinanamizanso inu.

Chinandichotsa pa netibolo ndi mkodzo. Ndikalumpha kuwakha mpira, potera pansi umatuluka wokha. Zinayamba chaka chatha, timadontho chabe, ine wosabereka n'komwe. Ndinkavala mapadi awiri, ndipo tsiku la masewero sindinkamwa madzi. Mu May tinakasewera ku Ndola. Kota yachitatu ndinalumpha, unatsika m'miyendo mpaka m'masokosi, simenti n'kunyowa. Woyimbira anaimitsa masewero kuti apukutepo, wina angaterereke. Palibe anaseka. Ndinamaliza kotayo, kenako ndinauza ba Terence, kochi wathu, kuti bondo landigwira. Sindinalire, ndipo mpaka lero misozi sinabwere.

Unity, mnzanga wa m'timu, ndiye anandikokera kwa mayi wina wa fizio, wachipatala woona za minofu, ku Itawa. Atandipima, mayiyo anandiuza kuti m'munsi mwa chiuno muli minofu yogwira chikhodzodzo, ndipo yanga imachedwa kugwira ndikatera. Anati atsikana ambiri othamanga ndi olumpha ali nalo vutoli, kungoti sanena. Anandikalipira chifukwa chodzimana madzi. Tsopano ndimafinya minofuyo ngati ndikudziletsa kuphwisa, katatu pa tsiku, m'minibasi, potsuka mbale, popanda wodziwa.

Patatha miyezi iwiri anandilumphitsa chingwe ka 30, kabudula ali gwa, wouma. Anawomba m'manja.

"Gladness, sukusangalala?"

Ndinati ndikusangalala, poti ndinaona kuti akudikira yankho limenelo.

Ba Terence anaimba kawiri, akuti ndikapanda kuoneka ku bwalo pa 24 mwezi uno malo anga m'timu ya chigawo apatsa wina. Ndinapita. Ndinamwa madzi pamaso pa onse, ndinalumpha, ndinagoletsa. Kunatuluka kadontho kamodzi kokha, chakumapeto. Dzina langa lili pa mndandanda. Atsikana anandikumbatira, ine ndinangoima ngati ndikudikira basi. Mayi wa fizio akuti mtima umachira mochedwa kuposa minofu. Kaya.

Amayi musawauze, akondwa kale kuti mapemphero awo ayankhidwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo Joy mumupsompsone. Ndakumbukira kuti chibadwire mwanayo munasiya kuvina m'kwaya. Mutabwera pa Khirisimasi munkakhala pafupi ndi khomo m'tchalitchi, chitenje china chili m'chikwama, ndipo poseka munkapanikiza miyendo. Sindinakufunseni, leronso sindikufunsani. Ndangoika pepala la mayi wa fizio mu envulopu muno. Lili ndi zithunzi, silivuta kutsatira.

Ndine mng'ono wanu,
Gladness