Mzere Wawasiya Kunja

Msuweni,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino kutaliko pamodzi ndi ana. Ine ndilipo, miyendo yokha ndiyo yayamba mwano. Akundilembera ndi mkazi wa mwana wanga, ine ndikungoyankhula.

Kuno kunabwera anthu ojambula mapu. Akuti dziko lonse likhale pa mapu amodzi, kuti a misewu, a madzi ndi a malo azionera pamodzi. Mayi wina anandipatsa kamakina m'manja, nati, "Agogo, yendani m'malire a munda wanu, kameneka kazilemba kokha."

Ndinayenda. Koma pakona paja tinaika alamu anu, akazi anga, sindikanapondapo ndi nsapato. Ndinalambalala cham'kati mwaulemu, kamakinako n'kulambalala nane.

Sabata yatha anandionetsa pa kompyuta ku ofesi kwawo. Msuweni, ndinaona denga langa mmene imalionera mbalame! Munda ngati kansalu koyanika, njira ngati ulusi. Chibwerereni kumeneko, ndikangotsinzina pakhonde masana ndimayandama pamwamba pomwepo, wopepuka, bondo osalimva. Koma mzere wawo wawasiya kunja alamu anu. Pa mapupo, pamene agonapo ndi popanda mwini, ndipo a misewu aona kale.

Akuti akhoza kukonza ikapezeka mboni ina imene inalipo poika malirowo. Ndawerenga pa zala, mwatsala inu nokha.

Sindikukufulumizanitu. Kungoti pambali pawo ndinasiyapo malo a munthu mmodzi, ndipo adokotala anena zina zimene tidzakambirane mukafika.

Ndine msuweni wanu wokalamba uja.