Chotupa Chimene Ndilibe

Lundazi Boma
14 Meyi

Okondedwa akulu anga a Faides,

Monile mose kumeneko ku Lusaka. Muli uli inu, alamu anga a Nason ndi ana onse? Kodi mwendo wa alamu uja unasiya kutupa? Kuno tili makola. Haswell ali bwino, ndipo mapasa anu, Watipaso ndi Jemima, akula moti tsopano akukwela matumba a feteleza mu shopu. Kuzizila kwayamba, anthu kumidzi ali kalikiliki kukumba mtedza.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ndili nayo. Ndakuimbilani katatu sabata ino kuti ndinene zimene ndinene panozi, katatu konse ndathela kukufunsani za sukulu ya ana. Ndiye ndati bola pepala, silingandidule mawu. Muwelenge muli nokha.

Akulu, chotupa cha m'mimba chija ndinakuuzani mu Malichi, choti madokotala adzachichotsa mu Juni, kulibe. Sindikudwala. Opaleshoni ilipo ndithu, tsiku lake lilipo, ndipo malo ogona kwanu ndikuwafunabe, koma si ya matenda. Ndi yokonza mimba kuti ibwelele m'malo mwake.

Mukudziwa kuti mapasa anabadwa ndi mpeni. Papita zaka ziwili ndi theka, mimba sinabwelele. Yalendewela ngati thumba la ufa lotsala theka, ndipo kukatentha mu Okutobala pansi pa khungu lopindikalo pamatuluka tizilonda. Koma ndisakunamizeni kachiwili, tizilondato si chifukwa chenicheni. Chifukwa chake n'choti ndatopa.

Mu minibasi ya ku Chipata bambo wina anandisiyila mpando wakutsogolo, amvekele amayi oyembekezela asapanikizike. Ku shopu alimi ogula mbewu amandifunsa kuti nanga uyu tidzamuona liti. Ndimaseka nawo, kenako ndimakabisala kuseli kwa matumba. Madilesi anga onse ali m'sutukesi, ine ndi chitenje basi, ngakhale kuukwati. Ndikudziwa kuti amayi ena zotelezi sazilabadila. Ine zimandipweteka, ndipo ndimachitanso manyazi kuti zimandipweteka.

Mu Febuluwale ndinabwela ku Lusaka kudzaonana ndi dokotala osakuuzani. Inde, ndinadutsa pafupi ndi kwanu ndili chowelama m'basi, mudzandikalipila tikaonana. Dokotala wake ndi mayi wamng'ono kwa ine. Anandiimika pagalasi n'kundilemba pamimba ndi cholembela chakuda, monga amachitila telala pansalu. Anati minofu inatalikilana ndipo adzaisoka, khungu lonse la m'munsi mwa mchombo adzalidula n'kulitaya, mchombowo n'kuuboolela malo atsopano. Akulu, kodi mchombo umasamuka? Ndinafunsa kawili, anandilongosolela kawili, mpaka lelo mutu wanga sunagwilebe.

Anandipatsa pepala la malamulo. Ana ndiwaletse kuyamwa msanga. Thupi lisakwele, lisatsike. Ndikapimitse magazi. Ndisamwe mankhwala alionse achikuda. Ndikatuluka ndidzayenda chowelama, nditavala lamba wothina, timapaipi titalendewela m'mbali, ndipo kwa masabata asanu ndi limodzi sindidzanyamula mwana kapena ndowa. Anafunsanso ngati tamaliza kubeleka. Limeneli lokha ndi limene ndinayankha osaganiza.

Haswell sanavute. Anati thupi ndi langa, iye sanadandaulepo, koma ngati ndikufuna ndipite. Anangowonjeza kuti amayi ake ndikawauze ndekha, iye sangadziwe poyambila. Amuna eti, pa zovuta amakhala aulemu kwambili.

Ndiye ndinakwela njinga yamoto kupita kumudzi kwa Kapichila. Apongozi anga, NyaMtonga, ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya, manja ali bii, msana wopindika. Inu mukuwadziwa mayi amenewa. Chimwalilile amayi athu, ndi iwo amene anandigonela kuchipatala, ndi iwo amene ananditsuka pamene sindinkatha kudzuka. Ndinakhala pansi, mawu ndinali nditawakonza njila yonse. Koma munthu wotele ungamuuze bwanji kuti ukupita ku Lusaka kukadulitsa mimba yabwinobwino kuti dilesi likukwane? Pakamwa panangotuluka mawu oti chotupa. Nditafika kunyumba ndinakuimbilani inu n'kunenanso lomwelo, kuti nkhani ikhale imodzi.

Ndinkaganiza kuti zithela pomwepo. Ndinaiwala kuti kwathu kuno matenda sakhala a munthu mmodzi.

Chilichonse chimene ndachita potsata pepala la dokotala, anthu achitenga ngati umboni. Nditaletsa ana kuyamwa, anati matenda afika m'mawele. Nditayamba kuwazoloweza kuti ndisamawabeleke kumbuyo, anati mphamvu zatha. Tsiku lopimitsa magazi ku chipatala cha pa boma ndinakumana ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kumudzi yoti magazi anga atsala pang'ono.

Apongozi anatumiza botolo la mizu yowilitsa, akuti imasungunula chotupa. Ndinakathila kuseli kwa bafa. Atafunsa ndinati ndamwa lonse, iwo n'kutumiza lina lalikulu.

Lachinayi lapitalo amayi a Umanyano, gulu la amayi la kutchalitchi kwathu, anabwela kunyumba atavala zoyela zawo, anadzaza khonde lonse. Anali atasala kudya chifukwa cha ine. Anabweletsa nkhuku, mbatata ndi maungu, akuti ndidye ndinenepe ndisanakumane ndi mpeni, pamene dokotala anati thupi lisasinthe. Anaimba, anapemphela. Ndiye a Tryphena, aja amagulitsa kapenta pamsika, amene akudwaladi bele ndipo atha thupi, anandigwila dzanja n'kunena kuti ndisaope, Chiuta atichiza tonse awili. Ndinalila kwambili, akulu. Iwo ankayesa ndikulila ndi mantha.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi cha Lolemba.

Lolemba m'mawa apongozi anatulukila ndi katundu wawo pamutu: bulangete, beseni, zitenje. Mtedza wawo ausiya m'munda uli wokumbakumba, wosathothola. Anati amupeza kale Haswell ku shopu n'kumuuza kuti awagulile tikiti ya basi, akupita nane ku Lusaka kukandisamala, chifukwa inu mumapita ku ntchito ndipo chilonda sichisiyidwa ndi ana asukulu. Ndinati mtedza uonongeka, anyani ndi mbuzi siziusiya. Anati mtedza amadzala chaka chilichonse.

Kenako anatulutsa ana panja, natseka chitseko, nagwada. Apongozi anga, munthu wa imvi, kugwadila ine pasimenti. Ndinafuna kuwadzutsa, anakana. Anati munthu sapita ku mpeni wina ali ndi mlandu naye, ndipo iwo ali ndi mlandu.

Inu mukudziwa mwambo wathu. Mayi akachila, akuluakulu amamuthowa pamimba ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo, kenako n'kumumanga chitenje zolimba kuti zotsalila zituluke, mimba ibwelele. Ine sanandichite zimenezo. Anesi anawaletsa chifukwa cha chilonda cha opaleshoni, ndipo chilonda chitapola inali nthawi yowokela fodya, iwo anabwelela kumudzi. Ndiye chimvele za chotupa, akhala akukhulupilila kuti ndi magazi amene anatsalila aja, anaundana. Anati miyezi iwili yonseyi chakudya sichikutsika, akuona kuti andipha ndi iwo chifukwa chothamangila fodya. Anapempha chikhululuko m'Chitumbuka chawo, misozi ili chuchuchu: "Unigowokele, mwana wane."

Akulu, pamenepo bodza linandikanika. Ndinagwada nanenso. Ndinawauza zonse, za minibasi, za galasi, za cholembela chakuda, za mizu imene ndinataya. Ndinakweza bulauzi kuwaonetsa kuti ndi ichi chokha, khungu basi, palibe chotupa.

Anafunsa ngati mimbayo imandiletsa kudya. Ndinati ayi. Ngati imandiletsa kugwila ntchito. Ndinati ayi. Ngati Haswell wandinyozapo, kuti akamuonetse zakuda lelo lomwe. Ndinati ayi, ndafuna ndekha. Anafunsa kuti nanga khungu lodulidwalo likapita kuti, likakwililidwa ndi ndani. Ndinati sindikudziwa, ndipo n'zoona sindikudziwa, sindinaganizeko zofunsa.

Ndiye anaimilila, namasula chitenje chawo, nandionetsa mimba yawo. Ana asanu ndi anayi anadutsa m'menemo, atatu ali kumanda. Yakwinyika, yagwa kuposa yanga, mizele ili mbali zonse. Anaigwila ndi manja awili n'kundifunsa kuti: "Kasi na ine nkhulwala?" Sankanyoza ayi. Ankafunsadi kuti adziwe ngati nawonso akudwala, poti a ku Lusaka akuti zotelezi n'zofunika mpeni.

Ndinkayembekeza kuti anyamula katundu wawo n'kubwelela kwa Kapichila. Sanatelo. Anamanga chitenje, napita kukasesa panja pamene ndinali nditasesa kale. Madzulo anauza Haswell kuti tikiti isabwezedwe. Akuti chilonda ndi chilonda, kaya chabwela chokha kaya mwini wachiitana, chifunika wochitsuka, ndipo iwo sangalole kuti mayi wa adzukulu awo akatsukidwe ndi alendo. Koma anati amayi a Umanyano ndikawauze ndekha ndi pakamwa panga basi isananyamuke, iwo sadzanenako kanthu, komanso sadzanama wina akawafunsa.

Tsono akulu, mutu wanga waima. M'mawa ndikavula kuti ndisambe, ndimaifuna opaleshoniyo monga ndinkaifunila mu Febuluwale, mwina kuposa. Masana ndikaona apongozi akupukuta ana mamina, ndimadzifunsa kuti kodi ndapenga. Dzulo ndinatenga foni kuti ndiuze dokotala kuti ndasintha maganizo, m'malo mwake ndinafunsa saizi ya lamba. Ndikaleka, anthu adzati mapemphelo achotsa chotupa, ndipo bodza lidzakula mpaka kukachitila umboni kutchalitchi. Ndikapita, ndikagona pabedi panu masabata onsewo ndikutsukidwa ndi munthu amene ndinamugwaditsa pachabe. Kodi kufuna thupi langa lakale ndi tchimo? Kapena tchimo ndi bodza lokhalo? Ndikazisiyanitsa m'mutu zimasiyana, ndikawayang'ana iwo zimasakanikilananso.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Choyamba mundikhululukile, chifukwa nanunso ndinakunamizani, ndipo ndikudziwa kuti munapempha kale tchuthi ku ntchito chifukwa cha ine. Mukawelenga mundiimbile, mukalipe mmene mungathele, ndidzamvela osadula foni. Koma mukatha kukalipa mundiuze ngati khomo lanu likadali lotsegula kwa anthu awili. Ndipo tikabwela, apongozi muwalandile ngati amayi athu, muwapatse chipinda chabwino, ine ndigona paliponse. Mwina inu, poti ndinu wamkulu, angakuuzeni zimene zili mumtima mwawo, chifukwa kwa ine atseka.

Sakundikalipila, akulu. Akuphika, akuchapa, akusewela ndi ana. Koma zaka zisanu ndi ziwili zonse ndakhala pabanja pano sananditchulepo dzina lina koma mwana wane. Kuyambila Lolemba ndine NyaZimba, dzina la mtundu wa kwathu, ndipo akundilankhula ndi mawu oti inu, mwaulemu wonse, ngati mlendo wobwela kudzagula mbewu. Lelo m'mawa anagogoda pachitseko cha khitchini yanga yomwe, kupempha ngati angatengeko mchele. Ndikanakonda akanangondimenya mbama.

Mundipelekele moni kwa alamu a Nason, koma nkhaniyi muyambe mwaisunga kaye mpaka ine nditaimilila pamaso pa amayi a Umanyano Lachinayi. Ana onse muwapsompsone. Mukapita kwa amalume ku Matelo muwauze kuti tili moyo. Chiuta akusungeni, ndipo pondipemphelela musapemphele za chotupa, mupemphe kuti apongozi anga adzandiitanenso monga kale.

Yewo chomene.

Ndine mng'ono wanu,
Linah