Kanale 11 ndi ya a Chimango

Lolemba, 15 de Setembro

Mwezi wachisanu ndili pakhomo, kuno ku Ntengo-Wambalame. Diploma ya telekomunikasau ili pansi pa bedi, pafupi ndi mbewu ya nyemba ya amayi. Anzanga a ku universidade ali pantchito ku Tete. Ine kusankha kachewere.

Koma lero a diretora Ercília, ahedi a ku eskola, andiitanitsa. Mayina a ana 214 olemba ezame, mayeso a boma, aliyense ndi foto yake, ayenera kulowa mu sistema pofika Lachisanu 13 horas, 1 koloko masana. Wotsala salemba chaka chino. Rede, intaneti imene imafika pa eskola kudzera pa mawailesi a pamlongoti wa paphiri, ikukwawa. Dzina limodzi mphindi khumi, nthawi zina tsamba la sistema kugwa, kuyambiranso. Alowetsa 31 okha.

Foni sithandiza. Pano imagwira rede ya ku Malawi, yathu imabwera ikafuna. Komputadoro ya ku sekretariya ndi yaikulu ija, sungakwere nayo phiri kukafuna rede. Ndipo batire ya pamlongoti inafa kale, mawailesi amadzuka ndi dzuwa n'kugona nalo.

Ndawauza kuti ndikonza. Sindinanene kuti ndiyesa.

Lachiwiri, 16

Ndakwera kuphiri ndi a tiyu Virgílio, amalume a aliyense pano, amene anamanga mlongotiwo. Ntchito yawo ndi ya masola, za rede anangophunzira ndi manja. Mawailesi awiri pachitsulo chimodzi, motalikirana chikhatho. Ina ikulandira kuchokera ku posto, ku maofesi a boma, ina ikuponya ku eskola. Ina imalankhulira pa kanale 1, ina pa kanale 4. Ndinatsala pang'ono kuseka.

Kanale si kanjira kowonda. Imasefukira uku ndi uku. 1 ndi 4 zikupondana, ina ikamalankhula inzake imayesa ndi phokoso, imadikira, kapena imabwereza zomwe yanena kale. Tsiku lonse kudikirana ndi kubwereza.

Masana ndinapanga simulasau, kuyerekezera zonsezi pa laputopu. Mawailesi awiri, mtunda weniweni, mphamvu yeniyeni. Pa 1 ndi 4: liwiro la rede mega 0,8, ndendende zomwe eskola ikupeza. Pa 1 ndi 11: mega 7. Ndaiyendetsa ka 30. Mzere umangokwera bwinobwino. Zaka zinayi za ku universidade zija sizinapite pachabe.

Ndinawaonetsa a tiyu atakwera kale mota, njinga yawo yamoto, akupita ku Chidzolomondo kukaika masola kwa alimi a fodya. Anayang'ana pang'ono. Amanditchula engenheira, injiniya wamkazi. “Zokongola, engenheira. Koma kumtundako musakhudze. Ndikabwera Lachinayi tikambirana.”

Lachinayi! Dziko lino lonse likudikira wina abwere Lachinayi.

Lachitatu, 17

Ndasintha ndekha, 7 horas. Wailesi ya ku eskola pa 11.

Mega 6. Mayina asanu ndi anayi analowa motsatizana. A diretora anaitana aphunzitsi kuti adzaone. Ine manja m'thumba, kumafotokoza za makanale ngati ndili pa defesa, kuteteza diploma yanga ku universidade.

Itakwana 8, zii. Osati pang'onopang'ono. Zii.

Ndakwera phiri kawiri. Zingwe zili bwino, sola ili bwino, antena sinapotoke. Mega 0,1. Tsiku lonse mayina ena atatu basi. Dzulo, pa kanale yomwe ndinaiseka ija, analowa 28.

A diretora sanakalipe. Anangoti, “Mwana wanga, atsala 143.” Bola akanakalipa.

Ndayendetsanso simulasau. Ikunenabe 7. Wina akunama, ndipo sindikudziwa kuti ndani.

Lachinayi, 18

Sizinali zingwe.

M'mawa kunabwera bambo wina ku sekretariya, a Chimango, a sitolo ya tsidya la msewu, mbali ya Malawi. Pomwe anthu amalandirira ndalama za pafoni ndi kusindikiza mapepala. Ndawadutsa moyo wanga wonse, sindinayang'anepo padenga pawo. Pali mawailesi awiri. Ina pa 7, ina pa 11. Amayatsa 8 horas. Kuyambira dzulo sitolo yawo yafa, anthu akubwerera.

Anavula chipewa kaye, kupereka moni kwa aliyense. Kenako: “Ndani walowa m'munda mwanga?”

Nkhani yake ndi iyi. Iwo ndi a tiyu Virgílio ndi pachilamu. Zaka zinayi zapitazo mawailesi awo ankagwetsana, ndiye anakhala pansi pamaliro ena n'kugawana makanale monga timagawanira madzi a kudimba. Kuyambira 1 mpaka 5 kuno, 7 mpaka 11 uko, 6 malire, osalimamo. Palibe pepala. Palibe wa boma lililonse akudziwa. Anagwirana chanza basi.

Ndinabweza pa 4 pomwepo.

Masana ndinawonjezera mawailesi awiriwo mu simulasau. Mega 0,1. Ndendende. Ndiye kuti sinaname. Inayankha zomwe ndinaifunsa. Ndinajambula dziko lothera pamsewu chifukwa mapu amathera pamsewu. Mafunde alibe pasaporte. Ndipo ndikanangofunsa kuti “chifukwa chiyani” mota isananyamuke...

Chinanso chomwe simulasau yandionetsa: 1 ndi 4 zomwezo, antena zitatalikirana mamita atatu, mega 4. Zokwanira. Koma chitsulo chowonjezera chili ku Ulongwe, chifika Loweruka. Mochedwa.

A tiyu afika 15 horas, fumbi mpaka m'nsidze. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti tiyeni. Tinawoloka. Ndinaganiza alankhula iwo, koma anakhala pa thumba la feteleza n'kumasenda nzimbe. Ndinapepesa ndekha. Ndinapempha ndekha: azimitse mawailesi awo mawa m'mawa, tibwereke 11.

A Chimango sanatipatse tsiku lonse. Lachisanu ndi tsiku lomwe ana a ku Joni amatumiza ndalama. “Mpaka 12 koloko. Madzi obwereka ali ndi ola lake, achemwali.”

Atsala 121. Ndawerengera kanayi. Zikukwana, ngati dzuwa lituluka msanga.

Lachisanu, 19

Silinatuluke msanga. Nkhungu mpaka 8h30. Ndinaima panja pa sekretariya kuyang'ana phiri ngati ndingaliwuzire.

Kenako mega 7. Yeniyeni, osati ya pa laputopu. A diretora kuwerenga mayina, ine kulowetsa. Sitinamwe ngakhale madzi.

11h50, atsala 19. Pa kanale 4 akanalowa asanu ndi mmodzi 13 horas isanakwane. Enawo khumi ndi atatu, chaka chathunthu. Ndinayang'ana mndandanda. Ndikuwadziwa. Wina ndi wa kuseri kwa nyumba yathu.

Ndinasiyira a diretora mpando n'kuthamanga. Pasitolo mzere mpaka pamsewu, amayi ambiri, ena akhala pansi chiyambire 9. A Chimango chala chili kale pa switchi. Anandimvera mpaka kumapeto. “Ola langa ndinakupatsani. Lotsalali si langa. Funsani eni ake awa.”

Ndiye ndinafunsa. Ine, wa diploma, kugwada pafumbi la Malawi, kufotokozera amayi makumi awiri kuti wailesi ziwiri sizingalankhule pamodzi. Sindinatchule mega. Ndinatchula mayina a ana.

Mayi wina anadandaula kuti minibasi imusiya. Wina anafunsa ngati Cristina wa a Damião ali pamndandandawo. Ndinati ali, wachisanu ndi chiwiri. “Ndi mwana wa mchemwali wanga ameneyo. Akhale pansi onse.” Anakhala. Wa minibasi uja anakhalanso, akung'ung'udza.

12h34, a diretora anaimba: 214. A Chimango anayatsa ndisanatseke n'komwe foni. Ndinathamanganso kukabweza pa 4.

Miyendo ikupweteka. Sindikudziwa ngati lero ndapambana kapena ndangokhululukidwa.

A tiyu adutsa posachedwapa. Chitsulo chifika mawa ndi galimoto ya kabichi. Ndinayamba kuwauza za mamita atatu, anandidula.

“Mwayeza ndinu, mukwera ndinu, engenheira. Ine ndigwira makwerero.”

Sindinawauze kuti sindinakwerepo mlongoti chibadwire.