Tanthauzo la thangata m'nyuzipepala

Lamulungu, 12 Malichi 1933

Tsiku lolemera, ndipo mvula yakhala ikuwaza kuyambira m'mawa.

Titatuluka m'tchalitchi, antchito a m'munda wa tiyi anasonkhana pakhonde panga monga mwa nthawi zonse, kuti ndiwamasulire nyuzipepala ya Azungu imene bwana amataya akatha kuwerenga. Pomasulira sindiwonjezera kapena kuchotsa liwu, pakuti ndimo anandiphunzitsira ku mishoni.

Lero munali nkhani ya thangata, ntchito imene anthu amakakamizidwa kugwirira bwana polipira malo okhalapo. Wolembayo akuti mawuwa m'chinenero chathu amatanthauza kuthandiza mnzako, ndiponso kuti "Anguru" a ku Thyolo (ndimo Azungu amatchulira Alomwe monyoza) amagwira ntchitoyi mokondwa, pothokoza malo amene anapatsidwa. Ndinamasulira momwemo.

A Namakhwa, amene akapitawo anawagwetsera nyumba mwezi watha chifukwa chosiya thangata n'kukapalira chimanga chawo, anafunsa mofatsa: "Akalaliki, kodi wothandiza mnzake akatopa, amamugwetsera nyumba? Nanga wolembayo anafunsa yani kuno?"

Ndinayankha kuti ine ndimangomasulira zolembedwa.

"Pepala ndi la bwana, zimenezo tikudziwa," anatero. "Koma bodzalo latulukira pakamwa panu. Ndipo mayi anu ndi Mlomwe ngati ife, si Mnguru."

Antchitowo ananyamuka mmodzimmodzi n'kulowa m'mvula osatsazika.

Ndaiwerenganso nkhaniyo, ndipo sindinalakwitse liwu lililonse. Komabe ndikuopa kuti sabata yamawa pakhondepa sipadzabwera munthu. Ngati adzabwera, sindikudziwa chimene ndidzawauze: zolembedwa m'pepala, kapena denga la a Namakhwa limene ndinaliona ndi maso anga lili pansi...