Chimfine Chimene Beni Sanadwale

Kabwata, Loweruka masana

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno tilipo. Mvula yagwa bwino, ndipo chimanga cha pakadimba kanu kuseri kwa nyumba chamasula ngaiyaye. Agnesi wa amalume ku Chelstone wachira, ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu chomwe. Ufa ukusowabe. Lachitatu ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, nditafika pakhomo anati watha. Atate maso aja shuga anawatsekeratu, tsopano sasiyanitsa zenera ndi khoma. Koma akudya bwino, ndipo kulamula sanasiye.

Ndazungulira mokwanira. Munkati, "Felesita, ukayamba ndi nkhani ya mvula ndiye kuti waswa mbale." Ndaswa, Amayi, koma si mbale.

Beni sali ku seminale. Anachokako inu mukadali moyo. Kalata ija ndinakuwerengerani m'chipatala, yoti mwana wanu wavala mkanjo, sinanene zimenezo. Ndinapeka ndine, mawu onse. Munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Basi, ndingapite, mwana wanga wayandikira guwa." Ndinangoti inde. Ndikudziwa kuti kumene muliko mwaziona kale zonsezi, komabe ndikufuna muzimve kwa ine mwini.

Zinayenda chonchi. Amishoni atamutumiza ku Amereka kukaphunzira unsembe, anapirira zaka ziwiri, kenaka anawauza kuti mtima wake suli pamenepo. Analowa koleji ina, ndipo kumeneko mphunzitsi wa masewera anamuona akumenya mpira. Mpira wa kumeneko si wathuwu ayi. Ndi wosongoka uku ndi uku ngati papaya, ndipo amathamanga nawo m'manja. Amuna aakulu ngati ng'ombe za pangolo amavala zipewa zolimba n'kumagundana. Beni sagundana ndi munthu. Ntchito yake ndi imodzi: akamuitana amalowa, mnzake amamugwirira mpira pansi, iye amaumenya kuti udutse pakati pa mitengo iwiri, pamwamba pa mtengo wopingasa. Pamwamba, Amayi! Mukukumbukira anzake pabwalo la kuno akumukuwiza kuti, "Iwe Beni, golo ili pansi, ufuna kupha mbalame?" Chimene ankamunyozera kuno ndicho chinamupezetsa ntchito uko. Chaka chathachi timu ina yaikulu, ya osewera olipidwa, inamutenga.

Nyengo yawo ya mpira imayamba kuno kukutentha n'kutha cha pa Khirisimasi, ndipo amasewera Lamulungu. Beni ankalemba sabata iliyonse. Makalata ankafika mochedwa, ena atatsegulidwa n'kumatidwanso, monga zikukhalira masiku ano. Atate kalata ya ndege amaidziwa ndi zala, pepala lake lopyapyala lija. Amati, "Khala pansi uwerenge. Usathamange ngati uli pa taipi ya ku ofesi kwanu."

Ndiye ndinadziikira lamulo. Timu ikapambana, ndinkati Beni wakhoza mayeso. Ikagonja, mawu anga ankatsika okha ndipo Atate ankamva, choncho ndinkati wadwala chimfine. Poyamba zinayenda bwino, anakhoza mayeso atatu motsatizana. Atate anaitana Ba Mulenga, neba wathu Mubemba uja, pawindo: "Ba Mulenga, mwamva? Chilatini wachimeza chonse, ngakhale fupa sanalavule!" Ba Mulenga, amene m'Chibemba chawo amawatcha Atate agogo, anati, "Awe, ba shikulu, ndiye adzatibatiza tonse kachiwiri."

Kenaka amene amaponya mpira m'timu yawo anathyoka phewa, ndipo anayamba kugonja Lamulungu ndi Lamulungu. Beni anadwala chimfine kasanu. Atate anakwiya. "Chimfine chanji chosatha? Azunguwo alibe mandimu? Mutumizire bulugamu afukize." Anandituma kukathyola masamba, ndipo sanalole kuti ndimate envulopu asananunkhize. Ndinatumiza, Amayi, masamba a bulugamu kwa munthu wosadwala. Beni anayankha kuti atatsegula anamva fungo la kwathu, anakhala pansi n'kulira. Pamenepo ndinawerenga kuti akupezako bwino.

Kumapeto timu inadzukanso, mpaka zonse zinatsalira pa masewera omaliza: akapambana apitirira kukakumana ndi akatswiri, akagonja kwatha. Kalata ya tsiku limenelo ili pano patebulo. Akuti kunkagwa chipale chofewa ngati ufa, ndipo phazi lake silinkamveka m'nsapato. Nthawi itatsala pang'ono kutha, timu yawo ili m'mbuyo pang'ono chabe, anamuitana. Akuti anthu odzaza bwalo lonse anakhala chete ngati pamene wansembe akweza Ukaristiya. Mawu akewo, si anga. Anachita chizindikiro cha mtanda, anamenya. Mpira unakwera bwinobwino, kenaka unapatukira kumanzere n'kudutsa kunja kwa mtengo, malo a chikhatho chimodzi. Lolemba atapita kubwalo la timu yawo anapeza dzina lake atalichotsa pa kabati yake ya zovala. Kumeneko munthu wa ntchito imeneyo akaphonya samudikira.

Akufuna kubwera kwathu, Amayi, mwezi wa mawa. Koma pansi pa kalata walemba kuti: "Asisi, kodi munawauza Atate? Ngati simunawauze, ndidziwitseni, ndisabwere."

Taonani pamene ndaima. Ndikamuuza zoona, kuti sindinawauze, mlongo wanga atsala m'dziko lozizira lija wopanda ntchito, wopanda wake. Ndikamunamiza kuti ndinawauza, adzatsika ndege n'kupeza amayi a mpingo atavala chitenje chimodzi akumuimbira. Pakuti ndinalakwitsanso pena. Nditawerenga kalatayo ndinangoti, "Beni akubwera," ndipo Atate anamaliza okha: akubwera kudzadzozedwa kuno kwawo. Anauza mphakati wonse. Tcheyamani wa chipani m'dera lathu walonjeza mipando, ndipo akuti adzalankhulapo. Atate anandikakamiza kuwatsogolera ku Kamwala, m'chipiringu chija, sitolo ndi sitolo akupapasa zikopa, mpaka anasankha nsapato zakuda. Akuti wansembe sakwera paguwa ndi nsapato za azungu, akwera ndi za atate ake. Atate omwe aja, amene anamukwapula Beni ndi lamba chifukwa chong'amba nsapato za kusukulu pa mpira, inu mukutchinga ndi thupi lanu. Loweruka lililonse amazipukuta.

Ndinapita kukalapa. Ansembe anamvetsera zonse, ndiye anandifunsa kuti, "Kalata ina ikafika udzawerenga chiyani?" Anati, "Mwana wanga, sindingakumasule pa tchimo limene waliyalira kale mphasa." Chichokereni apo sindinalandire Ukaristiya. Ndimawatsogolera Atate kutsogolo, akalandira ndimabwerera nawo pampando, ndinkayesa kuti sakudziwa. Lamulungu lapitali tikubwerera kunyumba anandifinya mkono.

"Felesita, kale ndinkamva 'Thupi la Khristu' kwa ine, kenaka kwa iwe. Masabata atatu ano ndikumva kamodzi. Wachita chiyani?"

Ndinati ndinaiwala n'kumwa tiyi tisananyamuke, poti wokalandira sayamba wadya kanthu.

"Masabata atatu? Tiyi wake wa shuga uti, poti shuga akusowa tauni yonse?"

Sanafunsenso. Koma lero m'mawa, akutulutsa nsapato zija kunsi kwa bedi, anati, "Kalata yomaliza ija undipatse. Mawa Misa ikatha ndikapempha ansembe andiwerengere pang'onopang'ono. Iwe masiku ano pepala lodzaza mbali zonse umalimaliza ndisanameze malovu."

Munkati bodza lili ngati ufa wopempha kwa neba, umatenga m'kambale koma pobweza afuna m'beseni. Beseni lafika, Amayi. Ndikuopa. Ndikuopa shuga wawo, ndikuopa kuti adzati Beni asapondenso pakhomo pano, ndipo koposa ndikuopa funso limodzi: "Nanga amayi ako unawawerengera chiyani?" Koma sindilola kuti akamve zimenezi pakhonde la tchalitchi, anthu akudutsa, kuchokera pakamwa pa munthu amene sanamubereke mwanayo kapena kumulera.

Ndikamaliza kalata ino nditenga ya Beni, ndikakhala pampando wanu uja pafupi ndi iwo, ndipo ndiwerenga mzere uliwonse monga unalembedwera. Ndiyambira ku seminale. Ndiwauza za mayeso atatu aja ndi chimfine chonse chisanu, mpaka mpira upatukire kumanzere. Akafuna kukalipa akalipire ine, ndine ndinali ndi maso. Kenaka Lolemba ndilembera Beni mawu awiri okha amene akuwadikira: ndawauza, bwera. Nsapato zija ndi namba yake ndithu, ndinayeza ndi zakale zake zili m'sutikesi. Wansembe kapena ayi, phazi ndi lomwe lija munkalichotsa minga.

Mutipempherere tonse atatu. Ndikulonjeza kuti sindidumpha mzere ngakhale umodzi, ndipo tsiku limene ndidzalandirenso, ndidzalandira m'dzina lanu.

Burashi ya nsapato yasiya kulira m'chipinda. Akundiitana.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesita