Hotela ya a Shakir Yatsegulidwanso

Okondedwa malume a Damiao,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tete. Kuno ku Mwanza tonse tilipo.

Malume, hotela ya a Shakir ija yatsegulidwanso. Mwana wawo Rashidah wafolera malata atsopano, ndipo bandi yabwerera. Loweruka masana anthu anadzaza mpaka pakhonde, ena anachita kupalasa njinga kuchokera ku Thambani. A Aufi, ndi imvi zawozo, anaimba ng'oma ngati masiku aja munkaimba nawo gitala mutangothawa nkhondo. Ine ndinavina mpaka nsapato inaduka.

Woimba wamkulu tsopano ndi Hamisa, mwana wa mayi Anifa amene ankaphika pahotelapo aja. Gitala amaimba ndi dzanja lamanzere ngati inu. Atamaliza, a Aufi anandikokera pambali nati, "Uwalembere amalume ako, abwere adzamuone okha mwanayu." Nditafunsa chifukwa chake, anangoti muwerenge zaka.

Ine ndawerenga. Hamisa anabadwa chaka chomwe munabwerera kwanu. Mayi Anifa sakupeza bwino masiku ano, malume. Bwerani mvula isanayambe.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Felizarda