Utsi wa Limbani ndi Chiliza cha Amayi

Amayi anga, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Ndine mwana wanu Elube. Kulemba sindinaphunzire, mukudziwa, ndiye cholembera chili m'manja mwa mdzukulu wanu Tiyamike. Ndamuuza alembe monga ndikunenera, asakometse.

Ndiyambe ndi adzukulu anu. Fatsani tsopano ndi mphunzitsi wamkulu kwathu ku Dedza, ndipo kachewere wa m'dimba lanu lija wamupatsa bwino chaka chino. Tiyamike ndi nesi pachipatala chachikulu kuno ku Middlesbrough, ku Mangalande. Ana ake ndi awiri, wamng'onoyo tinamutcha dzina lanu, Enelesi. Chichewa amamva, koma kuyankha ndi m'Chingerezi. Limbani, uja munkamukalipira chifukwa chophwasula wailesi, ndi injiniya konkuno. Ku tchalitchi akatchula maina atatu amenewa ine ndimakhala mowongoka.

Kuno ndinabwera titangokuikani m'manda. Tiyamike ndi mwamuna wake amagwira mashifti, wina akamalowa wina akutuluka, ndiye ana analibe wowalera. Ndinati ndikawathandize pang'ono, ndibwerere mvula isanagwe. Viza yomwe ndinalowera m'dziko muno inatha. Anandipemphera mapepala ena, pasipoti ili ku ofesi, yankho silibwera. Akuti ndikachoka tsopano sindidzalowanso, ndipo Tiyamike ntchito ingamuvute. Masiku anga ndi kuperekeza ana kusukulu, kubwerera, kukhala pawindo kuyang'ana mabasi.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, Limbani anandikweza basi kupita kunyanja, kumene kuli mafakitale a machumuni ataliatali. Anafuna ndione ntchito yake.

"Amayi," anatero, "mpweya woipa ukutuluka apowu ndiwo ukutenthetsa dziko. Tikufuna tiziugwira, tiupanikize, tiutumize m'mapaipi pansi pa nyanja, m'miyala momwe akhala akupopamo mafuta. Zitsime zimenezo zatopa. Mpweyawu ukalowa uzikankha mafuta otsalira, mafutawo azikwera, iwo uzitsala komweko."

"Uzitsala mpaka liti?" ndinamufunsa.

"Mpaka muyaya. Pamwamba pake pali thanthwe losadutsa kanthu."

"Ndiye mwayamba?"

Anaseka. "Ayi, tikadali kuyeza ndi kukangana m'maofesi."

Pomwepo ndinakumbukira mtsuko wanu wa nyemba za mbewu. Munkathiramo phulusa, n'kumata kukamwa kwake ndi dothi la pachulu. Koma simunkausiya. Kukangowala munkautulutsa, n'kuyendetsa chala chonyowa pakamwa pake kufuna ming'alu. Ine ndikati, "Si munamata kale?" munkati, "Elube, ukamata usaiwale, anankafumbwe alibe Sabata." Ndinamufunsa Limbani kuti mtsuko wawowo adzauyendera ndani iye atakalamba. Anati adzaika makina omvera pansipo, ndipo ena adzalandira ntchitoyo kwa iye. Anayankha bwino mwana wanga, ndinanyadira.

Koma pobwerera m'basi ndinkangoyang'ana panja. Limbani anati, "Mwatopa, Amayi?" Ndinati n'kuzizira chabe. Zoona zake n'zakuti ndinadziona ndekha mu mpweya uja. Anandilowetsa m'dziko muno kuti ndikankhe, ana anga akwere. Akweradi, ndipo sindikudandaula nazo. Koma wokankhayo ndatsala pansi, thanthwe pamwamba.

Apa Tiyamike wasiya kulemba, akuyang'ana kumbali. Ndamuuza apitirize. Sindikumunena iye, Amayi. Mwana ameneyu amabwera miyendo itatupa, n'kuyamba wandifunsa ine ngati ndadya.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi inu. Tinakumatani m'dothi lija, ine mwana wanu wamkulu n'kukwera ndege. Pamanda panu sindinapondepo chichokereni, sindinazulepo ngakhale udzu umodzi. Fatsani akuti mvula ya chaka chatha inagumula mbali ya kumutu. Ndinatumiza mawu kuti tidikire mapepala anga tisanamange chiliza. Tadikira, ndipo mandawo akunka nagumuka. Ndiye ndawauza kuti asandidikirenso.

Tsono imvani. Banja lonse lidzakumana kwathu Loweruka loyamba la Ogasiti, kudzavundukula chiliza chanu. Simenti Fatsani wagula kale. Limbani akupita. Tiyamike wapempha tchuthi, atenga ana onse awiri, Enelesi adzaone kumene kukugona mwini dzina. Onsewa mapepala awo ali bwino. Ine ndidzatsala pawindo pompano, nditavala chitenje chofanana ndi chawo. Mukadzawerenga mitu n'kupeza kuti wanga palibe, musadzati Elube anaiwala. Ndamutuma Limbani kuti ntchito ikadzatha anyowetse chala, ayendetse m'mphepete monse mwa chiliza monga munkachitira ndi mtsuko, adzandiuze ngati pali mng'alu.

Ndipo ndawalumbiritsa onse atatu, wolembayu alipo akumva, kuti dothi la kuno lisadzandifotsere. Pasipoti ikatuluka ndidzabwera ndi miyendo yanga, khasu m'manja. Ikapanda kutuluka adzandinyamula, pakuti wa m'bokosi safuna viza yobwereranso. Mundisungire malo kudzanja lanu lamanja, Amayi. Ndikubwera ndithu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube